Tsamba Losalankhula la Burashi

Mu shopu ya Burashi munkanunkhabe penti ngakhale mwini wake anasiya kalekale kukwera makwerero. Zitini zakale zinali zitaunjikana pakona, maburashi ouma ataimikidwa m'botolo ngati maluwa, ndipo patebulo pamene kale ankasakanizirapo mitundu panali kompyuta ya sikirini yaikulu, imene ankaipukuta m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe. Dzina la Burashi anam'patsa ndi anthu a mumsewumo, chifukwa zikwangwani zonse, kuyambira pa golosale ya pakona mpaka kwa okonza njinga, zinalembedwa ndi dzanja lake. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Akalemba chilembo chinkaima ngati chavala suti. Ntchito ya penti itayamba kuchepa anaphunzira kupanga mawebusaiti, koma analowa m'ntchito yatsopanoyo ndi mtima womwe uja wa pamakwerero.

Vuto linagona pomwepo. Burashi sankazikhulupirira zilembo za m'kompyuta. Ankati n'zowonda, n'zopanda ulemu, ndipo zimasintha nkhope malinga ndi foni ya munthu. Choncho mawu alionse opita pa tsamba ankayamba wawajambula yekha, kuwapatsa mtundu ndi kamthunzi, kenako n'kuwaika pa webusaiti ngati chithunzi. Mutu wa nkhani unali chithunzi, nambala ya foni chithunzi, ngakhale batani loti munthu adine linali kachithunzi konyezimira kopanda dzina. Kwa iye webusaiti inali chikwangwani basi, kungoti chopachikidwa m'foni. Makasitomala ankaomba m'manja, iye mapewa n'kumakwera.

Burashi anali ndi mchemwali wake wamkulu amene anamulera mayi awo atamwalira. Anali mphunzitsi mpaka pamene matenda a shuga anawalanda maso, ndipo aliyense, ngakhale aneba, ankangowatchula kuti Achemwali. Ankakhala okha, ndipo chimene ankadana nacho kuposa matendawo chinali kukokedwa dzanja ngati mwana. Ankayenda ndi ndodo yoyera, njira zawo atazisunga m'mutu. Foni yawo inali yolankhula. Akayendetsa chala pagalasi inkawawerengera mauthenga ndi nkhani, mothamanga kwambiri moti wina aliyense ankangomva phokoso pamene iwo akumva zonse. Mwezi uliwonse ankapita okha ku kachipatala ka odwala shuga kukayezetsa magazi ndi kutenga mankhwala, ndipo pabenchi yodikirira ankakhala oyamba nthawi zonse.

Ndi Achemwali omwewo amene anamupezera ntchito. Atamva kuti achipatala akufuna webusaiti yoti odwala azionerapo masiku obwera, anauza namwino wamkulu kuti ali ndi mchimwene wawo wodziwa zimenezo. Burashi anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anajambula zilembo zagolide pamwamba pa mtundu wa mtambo, n'kuikapo timaluwa m'mbali, ndipo atamaliza anapita kwa Achemwali Lamlungu masana akumwetulira kuyambira pageti.

"Tatsegulani mumve, Achemwali. Adokotala akuti sanaonepo zoterezi."

Achemwali anapukuta m'manja, n'kuyendetsa chala pafoni. Foniyo inayamba ndi mawu ake osatekeseka aja: "Chithunzi. Chithunzi. Batani. Chithunzi."

"Nanga mawu ali kuti?"

"Ali pomwepo. Masiku, nthawi, nambala, zonse ndalemba ndi dzanja langa, zagolide."

"Foni yanga siona golide, Burashi. Imawerenga mawu. Iwe waipatsa zithunzi za mawu, ndiye ikungondiuza kuti apa pali chithunzi. Wandiitanira chakudya n'kundiikira mbale zovundikira zopanda kanthu."

"Ndiye vuto ndi foni yanuyo."

"Foni yomweyi imandiwerengera nkhani za dziko lonse. Yafika pa iwe ndi pamene yaluma lilime."

Burashi zinamuwawa, chifukwa anabwera kudzatamandidwa. "Achemwali, ndiphwasule ntchito yonseyi chifukwa cha foni imodzi? Anthu ngati inu alipo angati? Mukafuna kudziwa kanthu ingondiimbirani, ndikuwerengerani. Ndili moyo ine."

Achemwali anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ku chipatala cha shuga, iwe ukufunsa kuti osaona alipo angati?"

Funso limenelo linali loti munthu aime n'kuganiza. Koma Burashi anali ataika thonje m'makutu. Anaseka, n'kuyamba kukamba za denga lawo limene linkadontha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Miyezi inadutsa. Tsiku lina namwino wamkulu anamutumizira chidziwitso choti aike pa tsamba: nyumba yakale ya chipatala ikugwetsedwa, ndipo odwala azipita ku nyumba ina kuseri kwa msika. Burashi anathera masana onse pa chidziwitsocho. Anajambula kamapu kokongola, muvi wofiira ukuloza pakhomo latsopano, mawu onse atawapinda mwaluso mozungulira muviwo, n'kuchikweza chonsecho ngati chithunzi chimodzi. Achipatala nawo anatumiza uthenga waufupi ku mafoni a odwala wonena kuti mwezi uno pali zosintha, aone pa webusaiti.

Mawa lake foni ya Burashi inalira ali mkati mokangana ndi kasitomala wina, mwini sitolo ya zitsulo, amene ankati mtundu wobiriwira umene anamuikira ndi wa masamba ofota.

"Burashi, achipatala akuti pali zosintha. Tandiwerengera."

"Ndikuimbirani posachedwa, Achemwali, ndili ndi munthu."

Posachedwa ya Burashi ankaidziwa aliyense mumsewumo. Wa zitsulo uja atatuluka kunabwera wina, kenako magetsi anazima, kenako mutu unadzaza zina. Achemwali nawo sanali munthu wopempha kawiri.

Tsiku la chipatala litafika, dzuwa litakwera ndithu, foni inaliranso. Anali namwino wamkulu.

"Bambo, mchemwali wanu ali bwino? Lero sanafike, ndipo foni yawo sikupezeka."

"Mwina achedwa chabe."

"Achedwe mayi aja? Timawapeza pakhomo ife tisanatsegule. Koma akudziwa kuti tinasamuka?"

Burashi anakumbukira foni ija, ndi lonjezo lija. Anakumbukiranso chinthu chimene ankachidziwa bwino lomwe: tsiku loyezetsa magazi Achemwali ankachoka kunyumba osadya kanthu, ndipo shuga akawatsikira ankanjenjemera, thukuta n'kuyamba, mutu n'kusokonekera. Kamodzi anagwapo m'khitchini, koma tsiku limenelo panali neba wowadzutsa.

Anatuluka osatseka ngakhale chitseko cha shopu. Kunyumba kwa Achemwali anapeza loko, ndipo neba anati anawaona akutuluka m'mamawa ndi kachikwama kawo. Anakwera njinga yamoto n'kulunjika ku chipatala chakale, mtima uli m'mwamba. Kumeneko anapeza malata atazungulira malo onse, denga litachotsedwa, fumbi lili tolo. M'mbali mwa khoma limene Achemwali ankalitsata ndi ndodo yawo anali atakumbamo ngalande yakuya, mapaipi atagonekedwa pambali. Burashi anayenda m'mphepete mwa ngalandeyo akusuzumira pansi, ndipo ankaopa ngakhale kudziuza yekha chimene ankafunafuna.

Mlonda wa pamalopo anamuona akuzungulirazungulira n'kumufunsa chimene chatayika.

"Mayi a ndodo yoyera? Anabwera m'mawa. Anaima nthawi yaitali pageti apa, foni ili kukhutu. Ndinawauza kuti achipatala anasamuka, koma kumene anapita ine sindikudziwa, ndabwera ndi omanga. Ndinati akhale kaye pampando wanga, anakana. Kenako analowera uko."

Kumene analoza kunali ku msewu waukulu, kodutsa malole.

Burashi anayamba kulowa sitolo ndi sitolo, akufunsa funso limodzimodzi. Ena anati sanaone, ena anati mwina, wina anamulozera mayi wina wogulitsa sopo amene analibe n'komwe ndodo. Ankadutsa pansi pa zikwangwani zolemba yekha, zilembo zake zili njo pamwamba, koma tsiku limenelo sanakweze maso kuti azisirire monga ankachitira. Anali ndi mantha, mantha enieni a mwana amene wataya mayi ake pamsika. Munthu amene anamusambitsa, kumulipirira sukulu, kumugulira burashi yoyamba, anali penapake m'dzuwa limeneli ndi njala, chifukwa cha muvi wofiira umene iye anaukometsera masana onse. Anapemphera akuyenda, pemphero losalongosoka, longobwereza kuti awapeze ali moyo basi.

Atatsala pang'ono kufika pamphambano anamva kuseka kwa amayi kuchokera mu saluni ina. Akanadutsa, koma pakati pa kusekako panamveka mawu amene anawazindikira nthawi yomweyo, mawu osatekeseka aja: "Chithunzi. Chithunzi. Batani. Chithunzi."

Anakankha katani ya pakhomo. Achemwali anali atakhala pampando wochapira tsitsi, thaulo lonyowa lili m'khosi, kapu ya tiyi m'manja, ndodo yawo itatsamira khoma. Foni inali patchaja pafupi ndi galasi, ndipo amayi a tsitsi lolukidwa theka anali atawazungulira, akugwira nthiti. Burashi anakhala pa ndowa yovundikira imene inali pakhomopo, misozi n'kuyamba yokha, mpweya umene anaugwira kuyambira kushopu n'kutuluka wonse.

"Ndani walowa akupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu?" anafunsa Achemwali.

"Ndine, Achemwali."

"Eya. Amayi, paja mumafunsa kuti anapanga zimenezi ndani. Ndi ameneyu. Ndinamlera ndekha."

Mwini saluniyo, mayi wojintcha wa chipeso m'tsitsi, anamuyang'anitsitsa. "Si a Burashi awa? Chikwangwani chathu panjapo anatilembera ndi iwowa. Anthu amachiyamikira."

"Ee, zokongola amatha," anatero Achemwali, n'kumwa tiyi.

Mayi wa saluniyo ndiye anafotokoza. Anawaona Achemwali atatsamira pa mtengo wa magetsi, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akuyankha zosagwirizana ndi funso. Mayi ake nawo amadwala shuga, choncho sanataye nthawi ndi kufunsa zambiri. Anawalowetsa, kuwapatsa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi, ndipo patapita kanthawi munthu anabwerera m'malo mwake. Foni inali itazima. Batire linathera pageti paja, Achemwali akuibwereza webusaitiyo kuchokera pamwamba mpaka pansi, kuyembekeza kuti mwina penapake pali liwu limodzi lonena kumene achipatala apita. Itangoyaka patchaja, amayiwo anafuna kumva chimene chinawasocheretsa, ndipo pamene Burashi ankalowa n'kuti akuimvera kachiwirinso.

"Ndimaganiza kuti asintha nthawi yotsegulira, monga anachitira chaka chatha," anatero Achemwali. "Ndiye ndinati ndingolawirira."

"Ndalakwa, Achemwali. Ndinaiwala kukuimbirani."

"Kuiwala aliyense amaiwala. Chimene ndinkakuuza n'chakuti ndisamadalire kukumbukira kwako. Pukuta m'maso, anthu akuluka tsitsi pano. Undiperekeze ku chipatala chatsopanocho, koma usandikoke. Ndigwira chigongono chako."

Anayenda choncho mpaka kuseri kwa msika, Achemwali akugogoda ndodo ndi kufunsa chilichonse chimene akudutsa kuti njirayo ilowe m'mutu. Namwino wamkulu atawaona anaika manja pachifuwa, kenako anawakalipira onse awiri ngati ana ake. Anawayeza Achemwali, n'kunena kuti zili bwino, mankhwala n'kuwapatsa. Burashi anadikira pabenchi, ndipo kanali koyamba kukhala pakati pa anthu amene anawapangira webusaiti ija. Pafupi naye panali bambo wachikulire wa magalasi okhuthala, foni ataigunditsa pamphuno, akuyesa kuwerenga zilembo zagolide zija. Bamboyo anamugwira phewa n'kumupempha kuti amuwerengere, akudandaula kuti amene analemba zimenezi ayenera kuti ali ndi maso a mphamba. Burashi anamuwerengera mwaulemu, osanena kuti wolembayo ndani. Namwino anadzamuuza pambali kuti si Achemwali okha amene anasochera sabata imeneyo, kungoti enawo anali ndi ana owaperekeza.

M'mawa mwake Achemwali anafika kushopu Burashi asanamalize kupukuta sikirini yake. Anapapasa tebulo, n'kuvundikira sikiriniyo ndi nsalu imene anabwera nayo. Kenako anazula mausi n'kuiponya m'chikwama chawo.

"Yatsa mawu owerenga ngati a m'foni yanga aja pa kompyuta yakoyo. Tsopano ndiwe wodwala shuga, maso ulibe. Peza kumene chipatala chili."

Burashi anaseka, akuganiza kuti ndi ntchito ya kamphindi, popeza tsambalo analimanga yekha ndipo ankalidziwa ngati chikhatho chake. Anadina pa kiyibodi. Chithunzi. Anadinanso. Batani. Batani la chiyani? Kompyuta sinanene. Analidina, n'kupezeka pamalo ena amene sanawazindikire, kumenenso kunali zithunzi zokhazokha. Anayesa kubwerera, osadziwa ngati wabwerera. Dzanja linkapita lokha pamene pankakhala mausi n'kugwira thabwa. Thukuta linayamba ngakhale anali pamthunzi, atakhuta, ali m'shopu yake.

"Ndalephera," anatero pomaliza.

"Iwe walephera utakhala pampando. Ine ndinali chiimire."

Ntchito yokonza inatenga masiku, ndipo Achemwali ankabwera m'mawa uliwonse ngati abwerera ku uphunzitsi. Mawu onse amene Burashi anawajambula anawalembanso ndi zilembo wamba zimene ankazinyoza zija. Batani lililonse analipatsa dzina lonena ntchito yake. Chithunzi chilichonse chimene chinatsala anachilembera mawu oti foni iziwerenga, ndipo apa ndi pamene ankakangana kwambiri. Pa chithunzi cha nyumba yatsopano Burashi analemba kuti ndi nyumba yokongola ya mawindo aakulu.

"Kukongola kwake kundifikitsa kuti?" anafunsa Achemwali. "Lemba kuti khomo lili kumanja ukachoka pa mpopi wa pamsika, ndipo pali masitepe opanda chogwirira. Za mawindo ukauze akuba."

Golide uja anamuchotsa akudandaula ngati pamaliro, n'kuika zilembo zakuda zikuluzikulu pamalo oyera, akukumbukira bambo wa magalasi uja. Mabatani anawakulitsa kuti ngakhale wa manja onjenjemera asaphonye. Pa kanema wa adokotala wofotokoza za kadyedwe anaikapo mawu olembedwa pansi, namwino atamuuza kuti pali odwala ena osamva amene ankangoona milomo ikugwedezeka. Atavundukula nsalu tsiku lomaliza anayembekeza kuona chinthu chomvetsa chisoni, koma anadabwa. Tsambalo silinanyanse. Linali laudongo, lotseguka msanga, ndipo dzanja lake linkaonekabe m'kakonzedwe kake. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavomereza chamumtima kuti zilembo zowondazo nazo zili ndi kaulemu kake.

Nsalu ija sanaibweze. Anaikoleka pamsomali pafupi ndi maburashi ouma, ndipo kuyambira pamenepo tsamba lililonse lisanapite kwa mwini wake linkayamba lavundikiridwa, mausi ili m'dirowa. Anabwereranso ku mawebusaiti akale mmodzimmodzi popanda womutuma. Wa zitsulo uja anafunsa kuti wosaona angagule misomali ya chiyani, Burashi n'kumuyankha kuti mchemwali wake denga lake limadontha ngati la wina aliyense.

Patapita miyezi, achipatala anatumizanso chidziwitso. Burashi anachilemba, kuchimvetsera pansi pa nsalu, n'kuchikweza. Uthenga utangopita ku mafoni a odwala, mantha akale aja anamugwiranso, ndipo anasiya kasitomala ali chiimire n'kuimba foni.

"Achemwali, achipatala atumiza uthenga. Ndikuwerengereni?"

"Ndamva kale pa tsamba lako lija. Akuti tibwere Lachinayi m'malo mwa Lachitatu, ndipo khomo lakutsogolo akupenta, tilowere lakumbali, kumanzere. Pali china?"

"Ayi, n'zomwezo."

"Ndiye ndisiye, ndikuchapa."

Foni inaduka. Burashi anakhala ataigwira m'manja akuseka yekha, mpaka kasitomala anafunsa ngati walandira nkhani yabwino. Anati inde, yabwino kwambiri. Chibadwire sanasangalalepo chotero chifukwa chouzidwa kuti sakufunika. Lachinayi lake anadutsira kuseri kwa msika mwakachetechete, n'kusuzumira pakhomo lakumbali. Achemwali anali pabenchi, oyamba, ndodo ili pamiyendo, akumuuza bambo wa magalasi uja kuti wachedwa.

Burashi anabwerera kushopu mtima uli m'malo. Kale ankaweruza ntchito yake ataima patali, mutu ataupendeketsa, monga amachitira wolemba zikwangwani. Tsopano ankayamba waitsegula m'kati n'kuimvetsera, chifukwa anaona yekha kumene kunyezimira kwa kunja kukanamufikitsa mchemwali wake. Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.